Mtundu wa mphika sukhala mu nambala zitatu

Ndemanga ya buku la Physically Based Rendering: From Theory to Implementation, lolembedwa ndi Matt Pharr, Wenzel Jakob ndi Greg Humphreys. Losindikizidwa kachinayi, MIT Press, 2023.

Anthu oumba zinthu pa kompyuta ali ndi dandaulo limodzi limene silitha. Munthu aumba mutu wa nkhalamba mu ZBrush, makwinya ndi timitsempha tonse bwinobwino, n'kupaka khungu mpaka mtima kukhala pansi. Akautengera ku Substance Painter mutu uja, khungu latuwa. Akafika nawo ku Blender kuti atulutse chithunzi chomaliza, masaya afiira psuu. Akatumiza chithunzicho pa foni ya mwini ntchito, yankho limabwera lachidule: si mtundu umene tinagwirizana uwu. Chonsecho nambala za mtunduwo sanasinthe ngakhale imodzi. Ambiri amalimbana ndi vutoli mongoyesayesa, kuchepetsako apa, kuwonjezerako apo, mpaka diso litatopa n'kuvomera. Mawa lake wina akasuntha nyale za m'chithunzicho, ntchito yonse iyambirenso.

Buku limene ndikuliunika pano silinalembedwere anthu amenewa. Eni ake analembera akatswiri opanga ma renderer, mapulogalamu amene amawerengera kayendedwe ka kuwala n'kutulutsa chithunzi. Mulibe tsamba ngakhale limodzi lophunzitsa kagwiridwe ka burashi. Komabe ndikuona kuti wopaka ma texture, zithunzi zija amazikuta pa choumba kuti chioneke ngati khungu, dongo kapena nsalu, adzapindula nalo kuposa mabuku ambiri olembedwera iyeyo, chifukwa limamutsegulira makina amene amalandira utoto wake. Akasuzumira m'katimo amapeza mfundo imodzi imene ikuyenda m'buku lonseli. Mtundu umene timauona umapangidwa ndi zinthu zitatu: kuwala kumene kwagwa pa chinthu, gawo la kuwalako limene chinthucho chabweza, ndi diso kapena kamera imene yalandira. Wopaka ali ndi mphamvu pa chachiwiri chokhacho. Mavuto ake ambiri amayamba akapakira zitatu zonsezi mu texture imodzi osadziwa.

Kwa anthu a ntchitoyi bukuli si lachilendo. Linatuluka koyamba mu 2004, kenako mu 2010 ndi mu 2016, maulendo onsewo kudzera ku Morgan Kaufmann. Mu 2014 bungwe la Academy of Motion Picture Arts and Sciences, lomwe lija limapereka ma Oscar, linapatsa Pharr, Humphreys ndi Pat Hanrahan mphoto ya zaumisiri chifukwa cha buku lomweli. Kalembedwe kake n'kosiyana ndi mabuku ena a sayansi. Likutsatira njira imene Donald Knuth anayambitsa m'ma 1980, yolemba pulogalamu ya kompyuta pamodzi ndi mafotokozedwe ake ngati nkhani imodzi. Choncho masamba oposa 1,200 amenewa ndi buku, komanso ndi pulogalamu yeniyeni yotchedwa pbrt, yolembedwa mu C++, imene mungaitsitse pa intaneti n'kuiyendetsa. Olemba alibe pobisala. Akanena kuti kuwala kumachita chakuti, mizere ya pulogalamu yochita zimenezo ili pomwepo, m'munsi mwa chiganizocho.

Zatsopano m'kusindikiza kwachinayiku zilipo zingapo. Mutu 15 ukufotokoza mmene pbrt imayendera pa GPU, chipangizo cha m'kompyuta chowerengera zithunzi. Masamu a Monte Carlo, owerengera pogwiritsa ntchito maere, asunthidwira kutsogolo, pa mutu 2, chifukwa zambiri zotsatira zikutsamira pa iwo. Mutu wa njira zolondolera kuwala kuchokera mbali ziwiri, umene unali m'buku la 2016, m'buku losindikizidwali mulibe. Koma kusintha kumene kukukhudza wopaka ndi kwina. Pulogalamuyi yasiyiratu kuwerengera kuwala ndi nambala zitatu za kufiira, kubiriwira ndi buluu, zija timazidziwa kuti RGB. Tsopano imawerengera ndi mafunde a kuwala enieniwo. Chifukwa chake chafotokozedwa m'mutu 4, ndipo kwa wopaka m'pamene pagona nkhani.

Mutuwu ukuyamba ndi kuwala pakokha. Kuwala ndi mafunde otalika mosiyanasiyana, ndipo pbrt imawerengera kuyambira pa ma nanometer 360, kumbali ya pepo, mpaka 830, kumbali ya kufiira. Babu, dzuwa ndi moto, chilichonse chili ndi kasakanizidwe kake ka mafundewa, ndipo chinthu chilichonse chimabweza ena n'kumeza ena. Diso lathu lili ndi magulu atatu okha a maselo ozindikira mitundu, ndiye kasakanizidwe konseko limakafinya kukhala mauthenga atatu. Pofinyapo zambiri zimatayika. N'chifukwa chake zinthu ziwiri zobweza mafunde mosiyana zingaoneke zofanana ndendende pa kuwala kwina, n'kusiyana pa kuwala kwina. Asayansi amati metamerism. Mayi aliyense amene anagulapo chitenje pamsika masana kuti chigwirizane ndi bulauzi, n'kukapeza madzulo pa babu la m'nyumba kuti ziwirizo zasemphana, anakumana nazo kale zimenezi.

Kuchoka apo olemba akutitengera ku 1931, pamene bungwe la CIE linakhazikitsa muyezo wa XYZ. Muyezowu unachokera pa kafukufuku wa W. David Wright ndi John Guild ku Britain, amene anayeza maso a anthu 17 onse pamodzi. Mtundu uliwonse wa pa sikirini yanu lero ukutsamirabe pa maso a anthu ochepa amenewo. Kenako pakubwera mfundo imene opaka ambiri amaidumpha: nambala zitatu, tinene 200, 60, 40, pazokha sizinena kanthu. Kufiira kwake ndi kuti? Kuyera kwake ndi kuti? Pamafunika kutchula color space, mgwirizano wonena kuti kufiira, kubiriwira, buluu ndi kuyera kwa nambalazo ndi kotani. Pulogalamu ya m'bukuli imadziwa inayi: sRGB, DCI-P3, Rec. 2020 ndi ACES2065-1. Woyambawo ndi umene makampani a HP ndi Microsoft anaukonza mu 1996, ndipo kuyera kwake ndi kwa kuwala kwa masana kotchedwa D65, pafupifupi ma kelvin 6,500. Nambala zomwezija mukaziwerenga ngati za Rec. 2020, kufiira kwake kumapsa kwambiri kuposa mu sRGB. Fayilo ikachoka mu pulogalamu ina kupita mu ina popanda kalata yonena mgwirizano wake, yolandirayo imangoganizira.

Masamba amene andigwira mtima kwambiri ndi ochepa chabe, pamene olemba akufotokoza chifukwa chimene anasiyira RGB. Renderer wamba imachulukitsa kufiira kwa nyale ndi kufiira kwa chinthu, kubiriwira ndi kubiriwira, buluu ndi buluu, basi. M'chilengedwe kuchulukitsaku kumachitika pa funde lililonse palokha, diso n'kufinya pomalizira. Kufinya kaye n'kuchulukitsa pambuyo sikupereka yankho lofanana, ndipo choipa kwambiri n'chakuti yankholo limasintha malingana ndi color space imene mwawerengeramo. Nyale yomweyo, utoto womwewo, mapulogalamu awiri, zithunzi ziwiri zosiyana, popanda amene walakwitsa.

Nanga poti wopaka amapakabe mu RGB? Apa pakugwira ntchito njira imene Jakob ndi Johannes Hanika anaifalitsa mu 2019, yosandutsa nambala zitatu kukhala mzere wosalala wa mafunde, umene sutsika kupitirira 0 kapena kukwera kupitirira 1. Pa cheza chilichonse chimene ikulondola, pulogalamuyi imanyamula mafunde anayi okha osankhidwa mwamaere, ndiye ntchito siichulukira kwenikweni. Koma chimene wopaka ayenera kuchigwira ndi funso limene pbrt imafunsa isanasandutse nambalazo: kodi zikunena za chinthu chobweza kuwala, kapena za nyale yotulutsa kuwala? Nambala zomwezo imazisandutsa mosiyana kutengera yankho. Funso limeneli kachipangizo kotolera mtundu ka mu pulogalamu yanu yopakira sikafunsa.

Titenge mphika wadongo umene waikidwa pakhonde dzuwa litapendeka, wina n'kuujambula ndi foni kuti akauumbe pa kompyuta. Kuumba kwatha, yafika nthawi yopaka. Atsegula chithunzi chija n'kuyamba kutola. Mbali yoyang'ana dzuwa ikumupatsa mtundu wa lalanje. Mbali ya mthunzi ikumupatsa bulauni wolowera ku buluu, chifukwa mbali imeneyo ikuunikidwa ndi thambo. Kunsi kwa mimba ya mphikawo kwafiira kwambiri, chifukwa dothi la pabwalo likubwezerako kuwala kwake. Pa phewa, pamene woumba anakulunga ndi mwala mpaka kusalala, pali banga loyererako. Mtundu wa mphikawu ndi uti pa inayiyi? Palibe. Chimene texture ikufunika kusunga ndi albedo, gawo la kuwala limene dongolo limabweza, popanda dzuwa, thambo kapena dothi. Akapaka mthunzi wa m'chithunzi, renderer idzawonjezerapo wake, mphika n'kuda kawiri. Akatola pa banga loyera lija, mphika wonse udzatuluka wotuwa. Akatola ku dzuwa, kuwala kwa madzulo kudzakakamira pa mphikawo ngakhale atauika m'chipinda chounikidwa ndi kandulo.

Banga loyeralo mutu 9 ukulifotokoza bwino. Pa zinthu zimene si zitsulo, gawo lochepa la kuwala limanjanja pamwamba penipeni lisanalowe m'kati kukatenga mtundu. Pa galasi ndi zinthu zofanana nalo ndi pafupifupi 4 peresenti mukayang'ana molunjika, ndipo limakula mukayang'ana cham'mbali. Kuwala kumeneku kuli ndi mtundu wa nyale, osati wa chinthucho. N'chifukwa chake ojambula a m'makampani a mafilimu amaika sefa ya polarizer pa nyale ndi ina yopingasa pa kamera, kuti kunyezimirako kuchoke, patsale mtundu wa m'kati wokha. Pambali pa chinthucho amaikanso ColorChecker, khadi la timabokosi 24 ta mitundu yodziwika, limene kampani ya Macbeth inatulutsa mu 1976. Bukuli siliphunzitsa kujambula, koma m'mutu 5 likugwiritsa ntchito miyezo ya timabokosi 24 tomweti kupeza masamu osandutsira zimene sensa ya kamera yaona kukhala XYZ, n'kusonyezanso mmene white balance imachotsera mtundu wa nyale. Mukawerenga zimenezi, khadi lija silikhalanso mwambo chabe wa ojambula. Mumadziwa chimene likuyeza, ndipo mumadziwanso chifukwa chake makamera awiri sagwirizana pa kufiira kumodzi.

Msampha wina uli m'nambala zenizenizo. M'chithunzi wamba cha PNG kapena JPEG nambala zimayambira pa 0 mpaka 255, ndipo munthu angaganize kuti 128 ndi theka la kuwala. Ayi ndithu. Mu sRGB nambalazi anazipinda dala kuti zambiri zipite kumbali ya mdima, kumene diso limasiyanitsa bwino. 128 ndi pafupifupi 22 peresenti ya kuwala. Theka lenileni lili pa 188, ndipo khadi lotuwa la ojambula, lobweza 18 peresenti, limagwera cha pa 118. Renderer imayenera kuwongola nambalazi isanayambe kuchulukitsa ndi kuphatikiza, ndipo mu pbrt mungathe kuloza ndi chala pamene kuwongolako kukuchitikira, nthawi iliyonse pulogalamu ikawerenga kadontho ka texture. Vuto limadza pa zithunzi zimene si za mtundu, monga cha roughness chonena kukhakhala kwa chinthu, kapena normal map yosunga timakwinya. Nambala za mmenemo n'zowongoka kale. Pulogalamu ikaziwongolanso, roughness ya 0.5 imatsikira pa 0.21, mphika wadongo uja n'kuyamba kung'anima, mtundu wake n'kuoneka wonyowa. Wopaka amathamangira kukakonza utoto umene unalibe mlandu, pamene chofunika chinali kungosankha Non-Color mu Blender.

Palinso nkhani yakuti kuwala sikugunda kamodzi kokha. Tiyerekeze kuti mwapaka nsalu yobweza 0.9 ya kuwala kofiira ndi 0.1 ya kobiriwira. Pamalo otambasuka kufiira kukuposa kubiriwira ka 9. M'kati mwa khwinya la nsaluyo kuwala kumagunda mbali imodzi n'kukagundanso inayo kusanatuluke. 0.9 kuchulukitsa ndi 0.9 ndi 0.81, pamene 0.1 kuchulukitsa ndi 0.1 ndi 0.01. Tsopano kufiira kukuposa ka 81. Ndiye choumba cha makwinya akuya, mphuno ndi makutu, chimatuluka ndi mitundu yakupsa m'malo olowa kuposa mmene munapakira, ndipo amene anawonjezeramo kale kufiira ndi burashi amapeza kuti mwayaka moto. Masamu omwewa akuchenjezanso za kuyera kwa 255, kumene kukutanthauza chinthu chobweza kuwala konse osamezako ngakhale pang'ono. Chinthu chotero padziko palibe. Chipale chofewa chongogwa kumene chimabweza 80 mpaka 90 peresenti, pamene makala amabweza pafupifupi 4 peresenti, osati 0. Buku la Wes McDermott la The PBR Guide limalangiza kuti zinthu zimene si zitsulo zizipakidwa pakati pa 30 ndi 240 mu sRGB. Ambiri lamuloli analoweza. Mutu 13 wa buku la Pharr ndi anzake ndi umene ukusonyeza kumene likuchokera.

Zitsulo zili ndi nkhani yakeyake. Mtundu wa golide ndi mkuwa uli m'kunyezimira momwemo, ndipo pbrt imautenga ku miyezo ya m'labotale yosonyeza mmene chitsulo chilichonse chimabwezera funde lililonse. Wopaka chikasu n'kumayembekezera golide adzakolola pulasitiki. Mutu 14 ukusonyeza chifukwa chake thabwa limada ndi kupsa mtundu likapakidwa vanishi: kuwala kumatsekeredwa pansi pa vanishiyo n'kugunda thabwalo mobwerezabwereza. Koma pamene bukuli layandikira kwambiri ntchito ya wopaka ndi pa tsitsi. Mtundu wa tsitsi umachokera ku kuwala kumene kwamezedwa m'kati mwa chingwe chilichonse ndi eumelanin ndi pheomelanin, ndipo pamutu kuwala kumadutsa m'zingwe zambirimbiri kusanafike ku diso. Choncho mtundu wa chingwe chimodzi ndi mtundu wa mutu wonse n'zosiyana. Olemba akupereka njira imene akatswiri a ku Disney anaifalitsa mu 2016, yoyambira ku mtundu umene mukufuna kuona pamutu n'kubwerera cham'mbuyo kupeza kamezedwe ka kuwala koyenera. Kugwirizanitsa mitundu kwenikweni ndi kumeneku: kudziwa njira imene kuwala kudzayende, n'kuiwerengera musanapake.

Zofooka nazonso zilipo, ndipo si zazing'ono.

Choyamba, bukuli likukusiyani pakhomo la sikirini. Likafika pa nambala za chithunzi chomaliza, za mmene nambalazo zimasandukira kuwala kwa pa sikirini likunena zochepa. Koma wopaka wa lero ndi pomwepa pamene amapunthwa kawirikawiri. Kuyambira mu 2019 Blender inkaonetsa zithunzi kudzera mu Filmic, ndipo kuyambira pa 4.0, mu Novembala 2023, imagwiritsa ntchito AgX. Ziwiri zonsezi zimafewetsa dala malo owala kwambiri kuti chithunzi chioneke ngati cha filimu, ndiye kufiira kwa chizindikiro cha kampani kumene mwini ntchito wakupatsani sikungatuluke chimodzimodzi pokhapokha mutasinthira ku Standard. Mu ZBrush, ma MatCap, maonekedwe okonzeratu a pamwamba pa choumba, ali kale ndi kuwala ndi mtundu wake m'kati, moti wopaka khungu pa MatCap Red Wax amaona utoto wake wosakanikirana ndi kufiira kwa phula. N'chifukwa chake odziwa amasinthira ku SkinShade4 asanagwire burashi. Onjezeranipo sikirini yosayezedwa ya laputopu ndi foni ya mwini ntchito imene imakometsera mitundu. Za njira zoyendetsera mitundu pakati pa mapulogalamu, monga OpenColorIO ndi ACES, muyenera kukafufuza kwina. Komanso tisaiwale kuti ma renderer ambiri amene owerenga ali nawo, kuphatikizapo Cycles ya mu Blender, akuwerengerabe mu RGB. Owerengera ndi mafunde, monga Manuka ya ku Weta ku New Zealand, ndi ochepa. Bukuli likutchula bwino dzina la matenda, koma mankhwala ake ena sanafike m'manja mwa anthu wamba.

Chachiwiri, diso la m'bukuli ndi la 1931, loyang'ana kachigamba kamodzi ka mtundu mumdima. Diso la munthu wamoyo limaweruza mtundu poyerekeza ndi oyandikana nawo. Josef Albers anasonyeza zimenezi ndi mapepala odula m'buku lake la Interaction of Color mu 1963, ndipo mu 1995 Edward Adelson wa ku MIT anajambula bolodi la timabokosi pamene tiwiri tofanana ndendende timaoneka kena koyera, kena kakuda, chifukwa cha mthunzi. Wopaka akhoza kugwirizanitsa nambala zonse molondola, mwini ntchito n'kukanabe, chifukwa wina akuyang'ana choumbacho kumbuyo kuli kotuwa, winayo kumbuyo kuli koyera. Pa mbali imeneyi buku la James Gurney la Color and Light, la 2010, lolembedwera ojambula ndi utoto weniweni, likuthandiza kuposa ili, ndipo mabuku awiriwa amayenda bwino limodzi.

Chachitatu ndi chimene chandikhudza kwambiri. M'buku lalikulu chonchi mulibe mutu wa khungu la munthu, chonsecho khungu ndi chimene oumba ambiri amathera nacho nthawi. Ndipo nkhaniyi ikutikhudza ife mwapadera. Mu 2020 Theodore Kim, amene anagwirapo ntchito ku Pixar ndipo pano amaphunzitsa ku Yale, analemba mu Scientific American kuti kafukufuku wa khungu pa kompyuta wakhala akulimbikira kwambiri kuwala kumene kumalowa pansi pa khungu n'kutulukira pena, kumene kumaonekera kwambiri pa khungu loyera. Pa khungu lakuda melanin amameza kwambiri kuwala kolowa m'kati, ndiye nkhope imaumbika makamaka ndi kunyezimira kwa pamwamba, pamphumi, pamasaya ndi pamphuno. Wopaka amene watenga shader (kakonzedwe kouza renderer mmene chinthu chimabwezera kuwala) yokonzedwera khungu loyera n'kungoidetsa amatulutsa nkhope yotuwa, yopanda moyo. Zida zomvetsera zimenezi zilimo m'mutu 9, chifukwa 4 peresenti ija ikakhala pamwamba pa albedo yotsika imalamulira maonekedwe onse, koma olemba sakulumikiza mfundoyi ndi khungu. Tsitsi nalonso, limene ndaliyamikira pamwambapa, akuliwerengera ngati chingwe chobulungira, pamene tsitsi lathu lopotana limakhala lophwatalala ukalidula pakati. Pixar popanga filimu ya Soul, ya 2020, inaitana Bradford Young, katswiri wojambula mafilimu, kuti alangize za kaunikidwe. Nzeru zotere zikupezekabe kwambiri m'mitu ya anthu ogwira ntchito kusiyana ndi m'mabuku.

Chachinayi n'chodziwikiratu: bukuli ndi lolimba. Chingerezi chake n'chomveka, koma masamu ake ndi a ku yunivesite, ndipo masamba ambiri adzaza ndi C++. Amene akufuna yankho la lero lomwe, ntchito ikufunika mawa, asalitsegule.

Nanga ndani aliwerenge? Wopanga mapulogalamu a zithunzi sakufunika kumunyengerera, akulidziwa kale. Amene ndikumulimbikitsa ndi woumba ndi wopaka amene wadziphunzitsa yekha kudzera m'mavidiyo, amene amadziwa batani loyenera kudina koma sadziwa chifukwa chake. Mwayi wake ndi wakuti kuyambira mu Novembala 2023 buku lonseli likuwerengedwa kwaulere pa intaneti, ndiye mtengo wake ndi bandulo basi. Asayambire pa tsamba loyamba. Ayambe ndi gawo lomaliza la mutu 4, lonena za mitundu, kenako gawo la sensa m'mutu 5, kenako chiyambi cha mutu 9 ndi mutu 10 wa ma texture. Mizere ya C++ ailumphe, awerenge mawu ndi kuyang'ana zithunzi. Akatero ayese chinthu chimodzi asanapakenso kanthu: aike mpira wotuwa wa 118 pambali pa choumba chake mu pulogalamu iliyonse imene amagwiritsa ntchito, pa kuwala koyera kofanana. Mpirawo ukasintha maonekedwe pochoka mu pulogalamu ina kupita mu ina, adziwe kuti vuto silili mu utoto, ndipo burashi asaikhudze mpaka atapeza pamene nambala zikupotokera.

Luso limeneli likufunika kwathu kuno kuposa kale. Mu 2023, chaka chomwe bukuli linatuluka, Netflix inayamba kuonetsa Supa Team 4, katuni imene anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, yopangidwa mothandizana ndi Triggerfish ya ku Cape Town, nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Ntchito zotere zimadutsa m'manja mwa anthu ambiri okhala m'mayiko osiyana, aliyense ndi sikirini yake. Amene angapatsidwe gawo ndi amene texture yake imaonekabe bwino mnzake wakutali akaiunika ndi nyale zina. Diso lakuthwa lokha silikwanira pamenepo.

Chigamulo changa n'chakuti Pharr, Jakob ndi Humphreys alemba buku loona mtima, losonyeza chilichonse chimene likunena, ndipo kusiya kwawo RGB kwachititsa kuti mutu wa mitundu ukhale womveka kuposa m'mabuku atatu oyambawo. Kwa wopaka, mitu inayi imene ndatchulayi ndi yokwanira kusintha kagwiridwe kake ka ntchito. Masamba otsalawo angadikire. Koma pulogalamu imene yafika potha kuwerengera kunyezimira kwa mkuwa funde ndi funde iyeneranso kutha kufotokoza nkhope ya munthu wakuda ataima padzuwa la mu Okutobala. Buku lachisanu likadzatuluka, mutu umene ndidzayambe kuufunafuna ndi wa khungu.